Mmene Mungafufuzire ndi Kukonza Vuto la Intake Manifold pa Injini ya Dizilo

Pafupifupi sabata iliyonse ndimafunsidwa funso limodzimodzi ndi eni magalimoto a dizilo komanso amakanika achinyamata amene angoyamba kumene ntchito. Amati galimoto yatha mphamvu, ikufuka utsi wakuda pokwera chitunda, nyali ya injini yayaka, ndiye ayambe kusintha turbo kapena ma injector? Yankho langa silisintha: musagule chilichonse musanaone mkati mwa njira imene mpweya umadutsa polowa mu injini. Popeza mawu amenewa ndawabwereza kokwanira pa foni, ndalemba pano dongosolo lonse limene ndimatsata. Ndikunena makamaka za injini za masilinda anayi zimene zachuluka m'misewu yathu, monga Toyota 1KD ndi 2KD za mu Hilux, Fortuner ndi Hiace, Mitsubishi 4D56 ya mu Triton, Nissan YD25 ya mu Navara, ndi Mazda 2.2 ya mu CX-5, koma ndikhudzanso magalimoto a ku Ulaya pamene akusiyana ndi amenewa.

Tiyambe tamvana mawu. Intake manifold ndi chipangizo chokhala ndi nthambi, cha aluminiyamu kapena cha pulasitiki, chimene chimamangidwa ndi mabawuti pambali pa mutu wa injini, uja amakanika amangoti hedi. Ntchito yake ndi kulandira mpweya wochokera ku turbo, imene imaupopa, ndi ku intercooler, imene imauziziritsa, n'kuugawira ku silinda iliyonse. Mwa chilengedwe chake sichiyenera kuda, chifukwa mumadutsa mpweya wosefedwa kale, koma pa injini zamakono pali zinthu ziwiri zimene zimachidetsa. Choyamba ndi EGR, valavu imene imabweza gawo la utsi wa ku ekizozi n'kuulowetsanso mu manifold kuti moto wa m'silinda usatenthe mopitirira, poti kutentha koteroko n'kumene kumapanga mpweya woipa wotchedwa NOx. Utsi umenewu umabwera ndi mwaye. Chachiwiri ndi breather, paipi imene imachotsa nthunzi ya oyilo m'mimba mwa injini n'kukaitaya kutsogolo kwa turbo. Mwaye wouma pawokha sumata kwenikweni, koma ukakumana ndi oyilo zimapanga phala lakuda lonanda ngati phula la pamsewu, ndipo phala limeneli limaunjikana m'mbali mwa manifold mpaka njira ya mpweya kuchepa.

1. Siyanitsani mavuto atatu musanagwire sipanala

Manifold imavuta m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ikakhala yotsekeka ndi phala lija, vuto limabwera pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, moti mwini galimoto amazolowera osazindikira, n'kudzadzidzimuka tsiku limene akukwera phiri la Chiweta kapena msewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre atanyamula katundu, galimoto n'kumafuna giya yotsika kuposa imene inkakwera nayo kale. Dizilo amatha msanga ndipo utsi wakuda umachuluka mukaponda moto. Ikakhala kuti ikutaya mpweya, kaya pa gasiketi, pa mng'alu kapena pa paipi yolumikizira, vuto limayamba mwadzidzidzi ndipo mumamva kaphokoso kofwetsa kapena kalikhweru nthawi imene turbo yayamba kupopa. Vuto lachitatu ndi la tizitseko ta mkati mwa manifold, timene ndifotokoze pa sitepe 4, ndipo ilo limadziwika ndi nyali ya injini imene imayaka n'kuzima yokha, galimoto n'kumadzichepetsa mphamvu, zimene amati limp mode, kenaka n'kukhalanso bwino mukazimitsa ndi kulizanso.

Funsani mwini wake mmene galimotoyo imayendera tsiku ndi tsiku. Galimoto imene imangozungulira m'tauni, kupereka ana kusukulu n'kukaima pa mzere wa magalimoto mu Lilongwe kapena mu Limbe, imatsekeka msanga kuposa yoyenda maulendo ataliatali, chifukwa EGR imatseguka kwambiri injini ikamagwira ntchito yopepuka. Onaninso fyuluta ya mpweya ndi ya dizilo nthawi yomweyo. Zonse ziwiri zikatsekeka zimabweretsa zizindikiro zofanana ndi izi, ndipo kuziona n'kwa mphindi zochepa.

2. Werengani makodi, koma musalekere pa makodi

Lumikizani kompyuta yoyezera magalimoto n'kulemba papepala makodi onse, manambala a zovuta amene kompyuta ya galimoto yasunga, musanawafufute. Amene amabwera kawirikawiri pa nkhani imeneyi ndi P0401, yosonyeza kuti utsi wa EGR ukudutsa wochepa, P0299, yosonyeza kuti presha ya turbo ndi yoperewera, P0101 ya sensa ya MAF imene imayeza kuchuluka kwa mpweya wolowa, P0106 ya sensa ya MAP imene imayeza presha ya mu manifold, ndiponso P2004, P2006 ndi P2015 zimene zimakhudza tizitseko. Nambala ya kodi imangokuuzani pamene kompyuta ya galimoto yaona kuti manambala sakugwirizana; siikuuzani kuti chawonongeka n'chiyani. P0299 yagulitsa ma turbo ambiri amene analibe mlandu uliwonse.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi kuona manambala amene masensa akupereka nthawi yomweyo. Tsegulani kiyi koma musalize injini, ndipo muone nambala ya MAP. Iyenera kufanana ndi presha ya mpweya wa panja pamene mwaimapo, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mabuku ndi mavidiyo ambiri amatchula 101 kPa, imene ndi nambala ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, choncho sensa yabwinobwino imaonetsa pafupifupi 89 kPa. Ku Dedza, kumene n'kokwera kuposa apo, imaonetsa cha m'ma 84, pamene ku Nsanje imayandikira 100. Musataye sensa chifukwa yaonetsa 89 mu Lilongwe. Ikaikireni ngati nambala yake yasiyana kwambiri ndi ya sensa ya barometric, yoyeza presha ya mpweya wa panja, imene kompyuta yomweyo ikuonetsa, kapena ngati nambalayo ikuchedwa kukwera mukaponda moto.

Kenaka lizani injini, itenthe, ndipo ngati kompyuta yanu ikutha kulamula EGR, itseguleni ndi kuitseka mukuyang'ana nambala ya MAF. EGR ikatseguka nambala ya MAF iyenera kutsika moonekeratu, chifukwa utsi watenga malo a mpweya watsopano. Ikapanda kusintha, ndiye kuti valavu yamatirira kapena njira yake yatsekeka. Pomaliza yendetsani galimoto pa chitunda, wina atagwira kompyuta, n'kufananiza presha imene kompyuta ya galimoto ikupempha ndi imene ikupezeka.

3. Fufuzani pamene mpweya ukuthawira

Injini ya dizilo imasiyana ndi ya petulo pa mfundo imodzi yofunika. Mu manifold ya petulo mpweya umakokedwa, choncho pobooka pamayamwa mpweya wa panja. Mu manifold ya dizilo ya turbo mpweya umakankhidwa, choncho pobooka pamalavula. N'chifukwa chake chizindikiro choyamba ndi banga lakuda lonyowa ndi oyilo pafupi ndi gasiketi, pa zomangira mapaipi, m'makona a intercooler kapena pa msoko wa manifold ya pulasitiki. Yang'anani ndi tochi, pansi pa manifold pomwe, pogwiritsa ntchito kagalasi.

Njira ija yopopera mankhwala otsukira kabureta m'mbali mwa manifold injini ikulira, n'kumamvera ngati kaliridwe kasintha, ndi ya pa petulo. Pa dizilo siikuthandizani, ndipo ndi yoopsa, chifukwa injini ya dizilo ikapeza mafuta olowera ku mpweya imatha kuthamanga yokha osamvera kiyi.

Ngati maso sanapeze kanthu, pangani mayeso a presha injini itazima. Chotsani paipi imene imatuluka ku turbo kupita ku intercooler, ndipo m'kamwa mwa paipiyo mumangemo chivindikiro cha paipi ya PVC chimene mwaboola n'kuikapo valavu ya tayala. Popani mpweya pang'onopang'ono kufika pa 0.5 bar, osapitirira 1 bar, kenaka wazani madzi a sopo pa malo onse olumikizira. Pamene pakuchita thovu ndi pamene pakutayikira. Musadabwe kuona geji ikutsika pang'onopang'ono ngakhale palibe thovu, chifukwa mpweya wina umadutsa pa mavalavu a silinda imene yaima yotseguka. Musaime kutsogolo kwa chivindikirocho, poti chikapulumuka chimauluka ngati mwala wa pa legeni.

4. Tsegulani muone mkati

Masulani chigongono cha aluminiyamu chimene chili pakhomo pa manifold, pamene pali EGR ndi kachitseko kamene kamathandiza kuzimitsa injini mosagwedezeka, n'kuunika mkati. Ngati muli kokha kamwaye kopyapyala ka milimita imodzi kapena iwiri, manifold ilibe mlandu ndipo pitirizani kufufuza kwina. Ngati njira yachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa apo, ine ndimaichotsa osazengereza. Ndinalandirapo Hilux ya 2KD imene mwini wake anali atasintha kale turbo ndi sensa ya MAF kwina, galimoto osasintha khalidwe. Titachotsa chigongonocho tinapeza kuti pa bowo limene mungapise zala zinayi panangotsala kanjira kokwana chala chachikulu, ndipo phala limene tinapala m'menemo linadzaza kachitini ka phwetekere. Mwini wakeyo anangogwira m'chiuno n'kufunsa ngati turbo yake yakale angakaitengenso.

Zulaninso sensa ya MAP. Pa Mazda 2.2 ndi injini zina zimene sensa imalowa mu manifold mwenimweni, mumaipeza itakwiririka moti kabowo kake sikaoneka. Itsukeni ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi, ndipo musaitokose ndi waya kapena singano. Pa Toyota D-4D, monga 1KD ndi 2KD, sensa imakhala pambali, yolumikizidwa ndi kapaipi kakang'ono kokhala ndi kafyuluta. Kapaipiko, kafyulutako ndi kabowo ka pa manifold zimatsekeka, sensa yabwino n'kumanama.

Tsopano tizitseko, timene amakanika amati swirl flaps. Injini zambiri za mavalavu 16 zili ndi mabowo awiri olowera mpweya pa silinda iliyonse, ndipo kachitseko kamatseka bowo limodzi injini ikamayenda pang'onopang'ono, kuti mpweya ulowe mozungulira n'kusakanikirana bwino ndi dizilo. Masulani kandodo kolumikizira ku mota yake n'kuyendetsa tizitsekoto ndi dzanja. Tiyenera kuyenda mofewa, tonse pamodzi, popanda kugwedera m'mbali. Mitundu ina ili ndi matenda odziwika. Pa BMW za injini ya M47 ndi M57 tizitseko timatha kuthyoka n'kumezedwa ndi injini, zimene zimaphwanya pisitoni ndi mavalavu. Pa Volkswagen ndi Audi za 2.0 TDI kodi ya P2015 imabwera kawirikawiri chifukwa pamene kamkono ka mota kamaimira padyeka, mota n'kumapitirira malire ake, ndipo pali kachitsulo kogulitsidwa padera kobwezeretsa malirewo popanda kugula manifold yonse. Pa Mercedes-Benz ya V6 ya OM642 mota ya tizitseko ili pansi pa khomo la turbo, ndipo oyilo wodontha pa rabala ya pamenepo ndi amene amaiwononga, choncho kusintha mota osasintha rabala n'kutaya ndalama.

Phala likakhala lonyowa ngati matope ndipo madzi a mu radiator akuchepa popanda kudontha pansi, kayikirani EGR cooler, chipangizo choziziritsa utsi wa EGR ndi madzi a mu radiator. Si nkhani yaing'ono: mu 2018 BMW inaitanitsa magalimoto a dizilo pafupifupi 1.6 miliyoni padziko lonse chifukwa madzi otayikira mu EGR cooler ankasakanikirana ndi mwaye n'kunyeka mpaka kusungunula manifold.

Ena adzakuuzani kuti mungopopera mankhwala a m'kachitini injini ikulira, osamasula kanthu. Pa mwaye wopyapyala zimathandizako. Pa phala lochindikala mankhwalawo amamatula zidutswa n'kuzitumiza m'masilinda, ndiye ine sindilola.

5. Chotsani manifold mwadongosolo

Injini ikhale yozizira ndipo chingwe cha negetivu cha batire chichotsedwe. Tsukani ndi kuumitsa kunja kwa injini mbali imeneyo musanamasule kanthu, chifukwa fumbi la m'misewu yathu limabisala pakati pa nthambi za manifold ndipo limagwera m'mabowo mukangoichotsa. Jambulani zithunzi ndi foni, ndipo timapaipi ta vacuum mutimate tepi yolembapo manambala. Mabawuti muziwabaya pa katoni motsatira malo ake, poti satalika mofanana.

Pa injini monga 1KD ndi 2KD mapaipi achitsulo opita ku ma injector amadutsa pamwamba pa manifold ndipo ayenera kuchoka. Musawapinde kuti mupeze njira. Presha ya dizilo m'mapaipi amenewa imapitirira 1,000 bar injini ikamagwira ntchito, choncho samasulidwa injini ikulira, ndipo mukangowachotsa vindikirani pakamwa pa injector iliyonse ndi pa rail, paipi yogawira dizilo ku ma injector, ndi tizivindikiro toyera, chifukwa kamchenga kamodzi kamakwanira kuwononga injector. Manifold ikakana kuchoka mabawuti onse ooneka atamasulidwa, pali chogwirira china pansi chimene simunachione. Musaikanule ndi chitsulo. Ikangochoka, tsekani pakamwa pa bowo lililonse la pa hedi ndi kansanza koyera, muwerenge tinsanzato n'kulemba nambala yake. Ngati muli tizitseko, tiwerengeninso pamodzi ndi timasikuluwu take. Kamodzi kakasowa, injini isalizidwe mpaka kapezeke.

6. Tsukani manifold ili pansi

Chotsani masensa, mota ya tizitseko ndi EGR musanaviike kanthu. Palani phala lochuluka ndi kamtengo kapena kachitsulo kosathwa, viikani manifold mu palafini kapena m'mankhwala osungunula girisi kwa usiku umodzi, ikwecheni ndi burashi yotsukira mabotolo, kenaka muitsuke ndi madzi a presha n'kuiumitsa kotheratu.

Pali njira ziwiri za chidule zimene ndimaziona m'magalaja a pansi pa mtengo ndipo zonse ndi zowononga. Yoyamba ndi kuotcha manifold pamoto kuti phala lipse. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, koma amapindika asanafike pamenepo, ndipo manifold yopindika siigwiranso gasiketi. Ya pulasitiki sindinena n'komwe. Yachiwiri ndi kuiviika mu soda wa caustic, uja wopangira sopo, amene amadya aluminiyamu n'kusiya nkhope yokumbikakumbika. Mukamaliza kutsuka, ikani rula yachitsulo yowongoka pa nkhope imene imagunda ku hedi n'kuyeza mpata ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata, ndipo mufananize ndi malire olembedwa m'buku la injiniyo. Manifold ya pulasitiki yong'aluka kapena ya tizitseko togwedera isinthidwe, chifukwa guluu sapirira kutentha ndi presha ya pamenepo.

7. Tsukani mabowo a pa hedi popanda kugwetsera zinyalala m'silinda

Sitepe iyi ndi imene malangizo ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene imasiyanitsa ntchito yabwino ndi ngozi. Mukabwezera manifold yoyera pa mabowo otsekeka, mwangogwira theka la ntchito, chifukwa phala limapitirira mpaka kumsana kwa mavalavu. Koma mukapala mabowowo mosasamala, zonse zimene mwapala zimagwera m'silinda kudzera pa valavu yotseguka. Pa injini zambiri za dizilo mpata wa pakati pa pisitoni ndi hedi, pisitoni ikafika pamwamba, sufika ngakhale milimita imodzi. Kachidutswa kouma kakhoza kukhala pa mpando wa valavu n'kuiletsa kutseka, ndipo madzi kapena palafini wochepa chabe akhoza kupinda conrod, mkono wolumikiza pisitoni ku shafti yaikulu ya injini, poti zamadzimadzi sizipanikizika. Ndinaona pa galaja ina imene ndinkagwirako ntchito mnyamata atapala mabowo onse asanu ndi atatu ndi sikuludiraiva, injini ili pamalo amodzi. Poliza, galimoto inkagwedezeka ndi masilinda atatu, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inasanduka yochotsa hedi.

Lamulo ndi lakuti mumatsuka bowo la silinda imene mavalavu ake olowetsa mpweya atsekeka kotheratu, ena onse atavindikiridwa. Pa injini ya masilinda anayi yophulitsa motsatira dongosolo la 1-3-4-2, malo awiri okha a crankshaft, shafti yaikulu ija, amakwanira, ndipo mumawapeza motere.

Ikani giya pa nyutulo. Onetsetsani kuti tinsanza tili pakamwa pokha pa mabowo, osati mkati mwakuya mmene valavu ingatikoke. Ikani soketi ndi chitsulo chachitali pa bawuti yaikulu ya pule ya crankshaft n'kuzungulitsa injini ndi manja kulowera kumene imazungulira ikamalira, osabwerera m'mbuyo. Chizindikiro cha pa pule chikafanana ndi ziro, pisitoni ya silinda 1 ndi ya silinda 4 zili pamwamba, koma chizindikirocho sichikuuzani kuti ndi iti mwa ziwirizi imene ili pa kompuleshoni, kutanthauza kuti yapanikiza mpweya mavalavu ake atatseka. Kuti mudziwe, chotsani kansanza ka silinda 1, unikani ndi tochi, ndipo muziyang'ana mwendo wa valavu pamene mnzanu akuzungulitsa. Mudzaona valavu ikutsika kenaka n'kukweranso. Ikakwera, pitirizani mpaka chizindikiro chifike pa ziro. Pamenepo silinda 1 ili pa kompuleshoni, ndipo mavalavu olowetsa mpweya a silinda 1 ndi silinda 2 ndi otseka. Mukamaliza awiriwo, zungulitsani kamodzi kathunthu kufikanso pa ziro, ndipo otseka amakhala a silinda 4 ndi silinda 3.

Musadalire maso okha. Silinda imene ili pamwamba koma osati pa kompuleshoni imakhala ndi valavu imene yangoyamba kutseguka pang'ono kwambiri, moti poiyang'ana imaoneka yotseka. Tsimikizani polowetsa kapaipi koyera m'bowo, kutseka m'mbali mwake ndi nsanza, n'kuuzira ndi pakamwa. Valavu yotseka imakubwezerani mpweya, yotseguka imaulandira. Ngati bowo latsekeka moti valavu siikuoneka n'komwe, palani pakamwa pokha, mokokera kunja, mpaka muone mwendo wake, ndipo pokhapo muyambe kuzungulitsa.

Mabowo a masilinda amene simukugwirapo ntchito amatidwe ndi tepi yolimba pamwamba pa tinsanza. Palani mouma poyamba, ndi kapatepate ka nsungwi kapena ka pulasitiki, mnzanu atagwira paipi ya makina okoka fumbi, aja ambiri amati huva, pakamwa penipeni pa bowo. Mangirirani kapaipi kakang'ono kunsonga kwa huvayo kuti kafike kumsana kwa valavu. Musakande mwendo wa valavu ndi chitsulo chakuthwa. Zouma zikatha, nyowetsani mswachi wakale ndi mankhwala ochepa n'kukwecha, ndipo zamadzi zotsala muziyamwitse ndi nsanza, osati ndi huva, chifukwa nthunzi ya mankhwala oyaka ikafika pa mota ya huva imatha kuyaka. Malizani ndi mpweya wa kompuresa mutavala magalasi. Bowo limodzi lingakutengereni mphindi 20 kapena 30, ndipo apa m'pamene akuluakulu ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Magalaja ena ali ndi makina owaza tizidutswa ta zikamba za mtedza wa walnut, amene amafulumiza ntchito, koma lamulo la valavu yotseka ndi lomwelo. Mchenga usagwiritsidwe ntchito m'malo mwake ngakhale pang'ono.

Mukamaliza mabowo onse, chotsani tepi ndi tinsanza, muwerenge ngati takwana nambala ija munalemba, kenaka zungulitsani injini ndi manja maulendo awiri athunthu. Kulimba kwa kompuleshoni kumabwera pang'onopang'ono n'kudutsa. Kulimba kwadzidzidzi, kongoti gwa ngati mwagunda khoma, kukutanthauza kuti muli chinthu m'silinda. Musakakamize ndipo musagwire sitata.

8. Bwezerani ndi magasiketi atsopano

Gasiketi yakale yaphwanyika kale molingana ndi mmene inamangidwira, choncho siibwezeredwa, ndipo silikoni si wolowa m'malo mwake, chifukwa wotsalira amafinyikira mkati n'kuthothoka. Yambitsani mabawuti onse ndi zala, kenaka muwalimbitse kuyambira pakati kupita m'mbali, m'magawo awiri, ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti mu Nm. Mabawuti a M8 pa manifold ya aluminiyamu nthawi zambiri amamangidwa cha m'ma 20 mpaka 25 Nm, ndipo a M6 pa pulasitiki cha m'ma 10 Nm, koma nambala ya m'buku la injini yanu ndi imene ikulamula. Manati a mapaipi a ma injector alowe ndi zala kaye musanawakhudze ndi sipanala, ndipo paipi imene nsonga yake yadyeka isinthidwe. Bwezerani tizitsulo tonse togwira mapaipiwo, chifukwa paipi yopanda chogwirira imanjenjemera mpaka kung'aluka.

9. Lizani ndi kuyesa

Musanalize, masulani paipi ya pansi pa intercooler n'kukhetsa oyilo amene wadikha m'menemo. Kunyowa pang'ono si vuto, koma oyilo wochuluka akhoza kukokedwa ndi mpweya umene tsopano ukuyenda mwamphamvu, injini n'kuthamanga yokha. Popani dizilo ndi kapampu ka pa fyuluta mpaka kalimbe, ndipo sitata isagwire ntchito kupitirira masekondi 15 pa ulendo umodzi. Injini ikalira, fufuzani kudontha kwa dizilo ndi kachidutswa ka katoni, osati ndi dzanja, poti dizilo wa presha yotere amaboola khungu. Fufutani makodi, ndipo pa magalimoto amene amafuna kuti kompyuta iphunzirenso malire a EGR kapena a tizitseko, chitani zimenezo. Bwererani pa chitunda chomwe chija n'kufananizanso manambala a presha. Utsi wochepa m'makilomita oyamba usakudetseni nkhawa.

10. Tsekani gwero la phala

Mukalekera apa, phala lidzabwerera. Yambani ndi oyilo. Onani ngati chosefera cha breather chikugwira ntchito, ngati oyilo sanathiridwe mopitirira chizindikiro, ndiponso ngati shafti ya turbo siikugwedera. Ambiri amaika kachitini kotchera oyilo pa paipi ya breather, kotchedwa catch can, ndipo kamathandizadi, bola kakhale ka mapaipi aakulu mofanana ndi oyamba aja komanso kazikhuthulidwa, chifukwa kakadzaza kapena kutsekeka presha imakwera m'mimba mwa injini n'kutulutsa oyilo pa masilu.

Kenaka mwaye. Ma injector otha, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, ndi chizolowezi chosiya injini ikulira kwa ola lathunthu galimoto itaima, zonsezi zimachulukitsa mwaye. Chinanso ndi thermostat, valavu yolamulira kutentha kwa madzi a mu injini. Kwathu kuno ambiri amaichotsa poganiza kuti dziko ndi lotentha, koma injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, siitentha dizilo mokwanira, ndipo imadzidetsa yokha. Ibwezereni.

Mudzamva ena akunena kuti mungotseka EGR ndi kachitsulo. Mwaye umalekadi kulowa, koma utsi wa galimotoyo umachulukitsa NOx imene anthu a m'mbali mwa msewu amapuma, kompyuta ya magalimoto ambiri imayatsa nyali kapena kuchepetsa mphamvu, ndipo ku Britain galimoto yotere imakanidwa pa MOT, mayeso a magalimoto a chaka ndi chaka, akaizindikira. Ine ndimatsuka EGR n'kuisiya ikugwira ntchito, n'kulimbana ndi oyilo, amene ndiye amamatitsa mwayewo.

Pa ulendo wotsatira wosintha oyilo, patatha makilomita pafupifupi 5,000, zulaninso sensa ya MAP kapena masulani chigongono chija n'kupisa chala. Chikatuluka ndi fumbi lakuda louma limene likuchoka mukapukuta, zinthu zili bwino. Chikatuluka chonyowa ndi chonanda, oyilo akulowabe, ndipo mubwerere ku breather ndi ku turbo.